Chibangili cha Zinovi

Dzina lako ndinalitola m'mbale yamalata
m'chipinda chapansi pa sunagoge wathu ku Montreal,
momwe amayi khumi ndi anayi tinkakumana Lachinayi
makhoti ali m'thupi, poti chotenthetsera chinafa kalekale.
Aliyense anapisa dzanja. Ine ndinatulutsa iwe:
Zinovi Melamud, wa ku Minsk, wokanidwa.
Wosula anakudinda pa chibangili chachitsulo,
ndinakuvala kumanzere.

Anatiuza kuti unali injiniya wa milatho.
Unapempha chitupa chotulukira Lolemba,
pofika Lachisanu desiki yako inali ya wina.
Ati ukudziwa zinsinsi za boma.
Zinsinsi zanji, Zinovi? Kulemera kwa simenti?
Tsopano umaponya malasha m'ng'anjo usiku
kuopa angakutche mlesi n'kukutsekera.

Ine ndine telala chabe, za ndale sindizitsata.
Chomwe ndidziwa n'chakuti mayi anga anatsala
pa siteshoni ina, kachikwama m'manja,
ndipo panalibe anaima pakhomo pa ofesi iliyonse
kufuula dzina lawo.

Ndiye ndinaima.
Pageti pa kazembe wa Soviet, chipale chikulowa m'nsapato,
nditanyamula chikwangwani cholemba mwana wanga Hershel,
zilembo zopendekeka ngati zaledzera.
Katani ya pawindo lam'mwamba inkasuntha pang'ono.
Mayi Dvora Szpilman, mano oikirira akugwedera,
ankaikweza mkono: Takuonani, bwana, takuonani!

Makalata ndinasiya kuwerenga atapitirira zana.
Ndinkalemba za nyengo, za mtengo wa ulusi,
za bondo la mwamuna wanga,
zoti wofufuza akawerenga ayasamule n'kuzilola.
Kakhadi kotsimikiza kuti walandira kankabwera
kali ndi siginecha ya dzanja losiyana mwezi uliwonse.

Tinatuma dokotala wa mano ngati mlendo wokaona malo.
Anavala majinzi awiri, ina pamwamba pa inzake,
kuti mkazi wako Fanya akagulitse mupeze chakudya,
ndipo kabuku kophunzirira Chiheberi
ndinakasokerera ndekha m'kati mwa jekete.
Msoko wanga unadutsa pachipata osaonedwa.
Pa ntchito zonse za manja angawa, ndinyadira imeneyo.

Kamodzi kokha ndinamva mawu ako.
Lamya tinaisungitsa masiku atatu,
amayi onse ataunjikana pakhutu langa.
Chiyidishi changa chinachita dzimbiri, chakonso chimodzimodzi.
Unafunsa ngati kuno kukuzizira.
Ndinati, Kwambiri. Unaseka. Kenako phoko, zii.
Ndalama za mphindi zinayi tinalipira zonse.

Mwamuna wanga ankati ndakwatiwa mitala ndi munthu wa ku Minsk,
koma pa Pasika ndiye ankakoka mpando wopanda munthu
n'kuuikira mbale ndi chikho.

Zaka zinatidya.
Mwana wako Asya, amene ndinamudziwa ali wa mano amkaka,
anakula pa zithunzi zitatu.
Ena mwa ife anatopa, sindiwada.
Dvora tinamuika m'manda chibangili chake chili m'thumba langa,
dzina lake la ku Riga ndinalitenga ine.
Tinatsala asanu, ndi ketulo.

Chaka chakhumi ndi chitatu, telegalamu:
Tafika Vienna. Mawa Haifa.
Mawu anayi. Ndinakhala pansi pa mulu wa nsalu
singano ili m'kamwa, osalira, osaseka.

Sunabwere kuno, ndipo sindinayembekeze kuti ubwere.
Nkhope yako ya lero nditakumana nayo m'basi sindingaizindikire.
Chibangili ndinavula ndi sopo, mkono unali utanenepa.
Pansi pake patsala kamzere koyera
komwe dzuwa silinafikepo.

Lachinayi lotsatira ndinapezeka ndavala khoti,
ndaima pakhomo, makiyi m'manja.
Hershel anati, Amayi, munthu wanu uja anatuluka.
Ndinati ndikudziwa.
Wa Dvora akadali ku Riga.