Khoswe Nambala 14

Magetsi athima kawiri chifikireni m'mawa.
Pazenera phiri la Zomba lafunda nkhungu mpaka m'chiuno,
ndipo ine ndili muno ndi makoswe makumi atatu,
oyera ngati thonje la ku Chingale,
maso psuu, michira yolembedwa manambala ndi inki.
Sanalawe kanthu chiyambire dzulo madzulo.
Ndondomeko imatero.

Mwezi watha ndinakwera minibasi ya ku Songani
kukaonana ndi Che Likaka.
Anandipatsa masamba a gwafa, khungwa la mpoza,
ndi muzu wina wowawa umene anakana kuutchula dzina.
"Mukalidziwa, mudzabweranso kuno?"
M'kaundula ndinangolemba kuti Muzu C.

Tinayanika pamthunzi, tinasinja, tinaviika, tinasefa,
mpaka thumba lonse lija
linasanduka phala lakuda pansi pa kabotolo.

Gulu loyamba lamwa madzi chabe.
Lachiwiri lamwa mankhwala a kufamase.
Otsalawo amwa za Che Likaka,
aliyense molingana ndi kulemera kwake pasikelo.
Patatha ola limodzi onse ndawamwetsa mafuta a nsatsi,
kuwaitanira matenda amene sanawapalamule.

Tsopano ndakhala pampando, wotchi m'manja.
Bambo anagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri kuti ndifike pano,
ndipo ku Jali amati mwana wathu ndi wasayansi.
Sadziwa kuti sayansiyo lero
ndi kuwerenga timanyi ta makoswe papepala loyera,
touma patokha, tamadzi patokha,
ndi kulemba nthawi imene tagwa.

Sindinyansidwa.
Fungo ili ndinalidziwa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
chaka chimene Likangala anasefukira m'zitsime.
Tadeyo anali asanayambe kukwawa.
Amayi anawiritsa gwafa usiku wonse,
kumudonthezera m'kamwa ndi sipuni,
liwombo likulowabe, maso akulowabe.
Kutacha ananyamuka naye panjinga.
Pofika pa Matawale nsalu ya kumsana inali zii.

Kodi masamba aja ananama,
kapena ndife tinachedwa?
Funso limeneli ndilibe munthu womufunsa.
Ndikufunsa makoswe.

Gulu la madzi layamba kale, mapepala anyowa.
Agwafa achedwerako pang'ono.
Koma Nambala 14, wa Muzu C,
maola anayi adutsa, pepala lake lili gwa.
Wakhala pakona akusukusula ndi timanja take
ngati munthu wokonzekera ulendo.

Ndathamangira kwa Dokotala Nankwenya.
Sanadzutse n'komwe mutu pakompyuta.
"Khoswe mmodzi si umboni. Bwerezani.
Muonenso chiwindi ndi impso.
Ndipo khoswe si mwana wa munthu.
Wina akakufunsani kunjako,
muziti madzi a mchere ndi shuga, kenaka kuchipatala."
Akunena zoona, n'chifukwa chake zandiwawa.

Mawa tidzawamwetsa makala osungunula,
kenaka mpeni,
kenaka lula, kuyeza m'matumbo
kuti makalawo ayenda mtunda wotani.
Nambala 14 Lachisanu saliona.
Anyamata a mbewa zapampani m'mbali mwa msewu
amadabwa kuti ndinasiyiranji kugula.

Poweruka foni yalira. Che Likaka.
"Ayankha bwanji makoswe anu?"
Ndati sanamalize kuyankha.
Aseka mpaka kutsokomola.
"Ine ndafunsa anthu zaka makumi anayi, onse amabwera kudzathokoza."
Ndinafuna kunena kuti
amene sanachire sabwera kudzanena.
Amayi anganso sanabwerere ku mtengo wa gwafa uja
kukauuza kanthu.
Ndangoti, zikomo Che, tionana Loweruka,
mundisungireko muzu wina.

Ndathira madzi m'timabotolo tawo.
Mvula yayamba kugwa cha ku Chinamwali.
Ndisanatseke chitseko ndabwerera,
ndaika kachidutswa ka bisiketi m'khola la 14,
ngakhale ndondomeko siilola,
ndipo m'kaundula ndalembamo kuti ndatero.