Wosesa Madeya ku Mpondabwino

Zaka khumi ndi zinayi ndikusesa pansi pa chigayo,
mutu mbuu, imvi zobwereka ndisanakalambe.
Amayi amabwera ndi chimanga m'ndowa:
"Mukonole bwino, achimwene, pasatsale kadontho,"
ndipo mphale imatuluka mbee ngati malaya a kwaya.
Chotsala n'changa.
Ndimachiyeza m'chitini chakale cha penti.
A Makwinja a ku Sadzi amatengera nkhumba,
Abiti Saizi amatengera nkhuku,
palinso mayi wina, dzina ndisunge,
amabwera kukada, poti kachasu sakonda mboni.

Nkhumba za a Makwinja msana waliwali.
Ine mimba gwa, masiku anayi
kuchimbudzi kungokhalako ngati pa siteji ya minibasi.

Loweruka lina kunatulukira Asiyatu, mwana wa mlongo wanga,
uja amaphunzira ku Chanko
kusuzumira tinthu tosaoneka ndi maso.
Akuti ndimupatse madeya, masipuni atatu, m'kapepala.
Ndinaseka mpaka kutsokomola fumbi:
ku yunivesite mwayamba kuweta anapiye?

"Woweta ndinu, malume," anatero.
"Khola lanu lili m'matumbo,
ziweto miyandamiyanda,
ndipo mukuzigoneka ndi njala."

Ndinazimitsa injini kuti ndimve bwino.

Akuti khungu la njere si chovala chabe.
Mmenemo chimanga chimasunga mankhwala ake
odzitetezera ku dzuwa ndi ku chuku,
omangidwa ndi ulusi, mfundo yolimba
imene chifu changa sichingamasule.
Mtolowo umadutsa osatsegulidwa
ngati katundu wa eni pa basi ya usiku,
mpaka kumunsi, ku matumbo aakulu,
kumene tizilombo tabwino timadikira.
Ito timamasula mfundoyo pang'onopang'ono,
timadya, timaswana,
ndipo zimene timasiya tikakhuta
zimadyetsa khoma la matumbo,
zimaziziritsa pamene patupa.
Tikachuluka, toipa timasowa pogona.

Sindinayankhe.
Ndinali ndabwerera ku Jali, chaka cha njala chija,
mayi akutseka chitseko masana
kuti anansi asaone kuti tikudya gaga.
Unkakanda pakhosi. Mng'ono wanga ankalira.
Ndinalumbira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi
kuti ndikadzakula, m'nyumba mwanga
mudzalowa ufa woyera wokhawokha.
Lumbirolo ndinalisunga, Asiyatu,
kuposa ena amene ndinalumbira kutchalitchi.

Anagwira tsache langa n'kuliimika pakhoma.
"Osati za pansizi," akutero, "izi n'za nkhumba ndithu.
Chimanga chouma bwino, chopanda chuku,
mugaye chonse ndi khungu lake.
Muyambe pang'ono, mimba izolowere,
madzi ambiri, nyemba, masamba.
Koma si mapiritsi, malume.
Zikapitirira mupite ku Sentolo akakuoneni."

Tsopano m'mawa ndi phala la mgaiwa, lotuwa,
lonunkhira ngati munda mvula itangogwa.
Sabata yoyamba m'mimba munali msonkhano,
mikangano, kuwomba m'manja, wina kuimba mluzu,
mkazi wanga mpaka anasamukira pa mphasa.
Kenako bata.
Sindikudziwa mayina a alendo ndikuwadyetsawa,
sanandithokozepo,
koma ndimatuluka m'chimbudzi tambala asanamalize.

Dzulo ndinayesa kuuza mayi wina wa ku Chikanda
kuti asiyeko theka losakonola.
Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nkhwaira:
"Amuna anga amagwira ntchito ku boma."
Ndinakonola. Mbee.
Makwacha ake ndinalandira ndi manja awiri.

Madzulo nkhungu ikutsika m'phiri,
a Makwinja anafika ndi njinga, matumba awiri.
Pomanga chingwe ndinawauza kuti mtengo wakwera.
Anafunsa chifukwa.
Ndinati akafunse nkhumba zawo,
zakhala zikudziwa kalekale.