Mzere wa Pakhoma

Kalata yondisamutsa inafika Lachiwiri.
Loweruka ndinatsika basi ya ku Katete pa Intasite,
m'chikwama muli kope la Nthanda lotsala masamba,
bolopeni, ndi malipiro a namwino
amene sakula ngakhale uwathirire.

A Mvula, ejenti wa nyumba, anandidikira pageti
atamanga tayi dzuwa likuswa mtengo,
makiyi akulira m'thumba ngati maseche.

Ku Kabulonga sitinatsike n'komwe.
Mipanda yokhayokha, waya wamagetsi pamwamba,
agalu akuuwa anthu amene sakuwaona.
Atatchula lendi ndinaseka,
iwonso anaseka,
ndipo tsiku lonse tinagwirizana pokhapo.

Ku Chalala nyumba inkanunkha penti,
matailosi oterera, bafa lagalasi.
Ndinatsegula mpope. Unatsokomola kawiri, nukhala chete.
Msewu wake fumbi mpaka m'mano.
Ndinakumbuka chifuwa cha Kondwelani,
kamluzu kaja kondidzutsa pakati pa usiku
n'kumapapasa mankhwala ake mumdima,
ndipo m'kope ndinalemba liwu limodzi: ayi.

Ku Kanyama mtengo unali wokoma.
Zipinda zitatu, msika pafupi, minibasi pakhomo.
"Pano mayi mungolowa mawa," anatero a Mvula
ataima dala kutsogolo kwa khoma.
Koma ine ndimadyera kuwerenga zimene thupi likubisa.
Kuseri kwa miyendo yawo, pansi pa laimu wadzulodzulo,
ndinaona mzere wotuwa, wowongoka,
wondifika m'mawondo.
Kamtsikana kosenza chigubu kanandiuza kosafunsidwa:
"Febuluwale kuno kumabwera nyanja, anti.
Kusukulu timayenda pa njerwa."

Lusaka alibe gombe, ndinaphunzira ndili giredi faifi.
Sanatiuze za mabanja amene chaka ndi chaka
amagona m'mbali mwa nyanja imene sanaisankhe,
matilesi pathebulo, mwana pamatilesi,
mbale zikuyandama kulowera kukhomo.

Foni inalira tili pamzere wa magalimoto.
Bambo a ana akufunsa khonde loikapo makina awo osokera,
khonde loyang'ana kumsewu, anthu aziona.
Nthanda akufuna sukulu yokhala ndi bwalo la netibo.
Kondwelani analanda foni:
"Kuli mtengo wokwera?"
Aliyense anandipatsira mzinda wake kuti ndimupezere,
ine mapazi atatupa mu nsapato za kutchalitchi.

Ku Chilenje tinafika kukuda.
A Mvula anali atatopa, anasiya kutamanda.
Kanyumba kakale, zipinda ziwiri,
chitseko chofuna phewa,
malata adzimbiri, ndi kuseri
mtengo wa mapeyala wopindika bwino, wa nthambi zapansi.

Kutsidya kwa mpanda wamaluwa
amake Tiwonenji ankakazinga zitumbuwa pambaula.
Sanadzuke. Anangoloza ndi chipande:
"Madzi amabwera folo koloko m'mawa, mugule migolo.
Malaiti amapita ngati kwina kulikonse.
Bala ili apo imasokosa Lachisanu ndi pakutha pa mwezi.
Denga limadontha pakona ya kuchipinda,
amene anachoka ankaikapo beseni lobiriwira."
Munthu woyamba tsiku lonse
kundiuza zoipa za kwawo.
Kenako anandipatsa chitumbuwa papepala,
chotentha, osandiuza mtengo.

Ndinayatsa tochi ya pafoni,
n'kuzungulira khoma lonse chowerama
monga ndiyendera wodi usiku,
bedi ndi bedi, kumvetsera.
Ming'alu inalipo. Chiswe chinadutsapo kale.
Dzina la mwana wina lolembedwa ndi khala.
Mzere panalibe.

Minibasi imodzi yokha kukafika kuchipatala.
Khonde ndi laling'ono, makina akwana,
wosokayo miyendo izikhala padzuwa.
Za netibo sindinafunse, Nthanda adzandikwiyira sabata.

Ndinawerenga makwacha a miyezi iwiri m'manja mwa a Mvula,
iwo anawerenganso, kunyowetsa chala.
Kiyi anakana kutuluka pamphete yake,
tinachita kumukanula ndi mpeni wa amake Tiwonenji.

Pa tsamba lomaliza la kope ndinalemba:
migolo iwiri,
beseni.