Yang'anani Chifuwa

Ngolo inapendekeka pamtsetse wa ku Domwe.
Matumba atatu a mbatatesi anagubuduka,
pansi pa lachinayi panali mkono wa Firimina.
Ndine ndinamukweza pamwambapo.
Ndine ndinati, gwiritsa, si patali.

Tinafika pachipatala cha Ulongwe dzuwa litapendeka,
atatu pa njinga yamoto ya mlamu wanga,
mkono titaumanga pa katoni ndi mpango wa amake,
utakhota pamene Mulungu sanaikepo mfundo.

Namwino Kasilida sanafunse za ngolo.
Anafunsa: wadya nthawi yanji?
Ine kukamwa yasa.
Ndimadziwa ola limene ng'ombe zanga zamwa madzi
koma la mwana wanga ndinalibe.
Anayankha yekha, misozi ili chuchuchu:
chigumu, theka, m'mawa.

Anamuimika pasikelo.
Makilo khumi, asanu ndi anayi.
Kasilida analemba, nawerengera, nawerengeranso,
akuti mankhwala ogonetsa mwana sayezedwa ndi maso
ngati mchere wa m'ndiwo.
Pepala linali la Chipwitikizi.
Anandimasulira mzere ndi mzere,
osadumpha ngakhale mizere yoopsa,
ine ndinadinda chala.

Kopanira kowala mofiira pachala chake,
kamakina kakuti ti, ti, ti.
Singano.
Muuzeni nkhani yokoma, anatero, alowe nayo m'tulo.
Ndinayamba ya thole lathu la mawanga
lija linadya sopo.
Sindinafike pakati.

Anali atandiuza kuti maso satseka.
Khutu linamva, mtima sunamve.
Maso ali tong'o, akuvinavina uku ndi uku,
kundiyang'ana osandiona.
Maso otere ndinawaonapo kamodzi,
a mkulu wanga Donasiyano,
ndipo ndine ndinawatseka ndi zala zomwezi.
Dzanja langa linanyamuka lokha.
Kasilida analigwira m'malere:
Bambo, yang'anani chifuwa, osati maso.

Chifuwa chinakwera.
Chinatsika.
Chinakweranso.

Wina anagwira chigongono, wina anakoka,
fupa linalira ngati phesi louma pobwerera kwawo.
Ine, amene ndimafula ng'ombe osaphethira,
ndinangozindikira ndakhala pasimenti.
Mwana ngakhale kubuula.

Anakulunga chikhakha chonyowa, chikutuluka kutentha,
nanditsinitsa zikhadabo zake
kuti ndione magazi akuthawa ndi kubwerera.
Kunja wina ankakangana ndi mlonda za njinga.
Kasilida sanachoke. Anakoka mpando,
maso pakamakina, maso pamilomo ya mwana,
tiyi wake akuzizira pawindo.

Firimina anabwerera pang'onopang'ono
ngati munthu wochokera kutali wopanda katundu.
Anati denga likuyenda.
Anati ndili ndi mitu iwiri, yonse yonyansa,
naseka, nasanza pang'ono pa nsapato yanga.
Kenako anakwinya nkhope, mantha atamukumbuka:
Ababa, ayamba liti kundikoka mkono?

Ndinamuonetsa chikhakha.
Anachigogoda ndi chala, osakhulupirira.
Kumene anapita sakukudziwa,
ululu uja anausiya komweko,
ndine ndinabwera nawo kunyumba.

Mbatatesi zija anatola ana a eni, sindinafunse.
Tsopano usiku, nyali itazima,
ndimadzuka ngati ndikukaona ng'ombe,
n'kuima pafupi ndi mphasa yake.
Maso ali otseka bwinobwino.
Ine ndimayang'ana chifuwa.