Magetsi Atazima ku Parktown

Magetsi azima, jenereta yatsokomola kawiri n'kugona.
Ndathamanga kuchokera ku Melville, zogonera mkati mwa jasi,
chifukwa mufiriji ya pansanjika yachisanu
muli magazi a amayi mazana anayi ndi khumi ndi awiri.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za moyo wanga
zili m'timabotolo tosaposa chala cha mwana.

Refilwe ndamupeza pamasitepe, foni younikira ili kukamwa,
akukoka bokosi la ayezi wofuka utsi.
"Profesa, tiyambe kupulumutsa ati?"

Tiyambire nambala 001.
Mwini wake ankagulitsa masamba pafupi ndi mataxi a pa Noord.
Anandipatsa mkono ku Bara osafunsa zambiri,
nati, ukadzapeza mankhwala, pamzere ndidzayambe ndine.
Anatisiya ndisanamalize digiri yachitatu.
Magazi ake akadali pamzerepo.

Ophunzira a chaka choyamba ndimawauza kuti thupi lili ndi alonda.
Amalemba.
Ndimati mlonda amaphunzitsidwa akali wakhanda
kuzindikira nkhope za apakhomo,
koma ena amalephera mayeso, chibonga n'kupatsidwabe.
Tsiku lina mlonda amaimitsa mwini nyumba pachipata,
n'kumufunsa chiphaso.
Amayamba ndi khungu. Kenako mfundo za zala. Kenako impso.
Apa ena amasiya kulemba,
aja anabwera pabasi kudzera pa Beitbridge.
Phunziroli analiphunzira kale pamsewu.

Za Ndaziona sindiwauza.
Mkulu wanga, ku Mponela, chaka chimene ndinkalemba folomu folo,
gulugufe wofiira anamutera pamasaya, osaulukanso.
Tsitsi linkatsalira m'chipeso.
Anthu anati ndi kachilombo; anayezetsa katatu, osapezeka nako.
Anati ndi mkazi mnzake; tinagulitsa njinga ya abambo
kulipira wotema mphini.
Dzina la matendawo ndinakumana nalo patatha zaka zisanu ndi ziwiri,
m'buku lobwereka, ku Joni konkuno.
Lupasi.
Ndinatseka bukulo, ndinalowa m'chimbudzi cha mulaibulale,
ndinatsegula mpopi kuti anthu asandimve.

Kuchokera pamenepo, mapepala.
Makumi anayi ndi atatu pofika lero,
ena owerengedwa ndi anthu asanu, atatu mwa iwo akusaka zolakwa.
Makalata opempha thandizo, ndi mayankho oyamba ndi pepani.
Mbewa zoyera zomwe kwathu sakanazidya.
Banja lomwe linatha ngati sopo, tsiku ndi tsiku,
ine diso lili pamaikulosikopu.
Tsiku londiveka mkanjo amayi anaimba foni:
"Ndiye udokotala wakowo, ngakhale jakisoni subaya?"
Ndinaseka. Sanali kuseka iwo.

Zomwe ndapeza n'zochepa:
kachizindikiro kamodzi m'magazi
kamene kamayamba kukuwa impso zisanayambe kulira.
Miyezi isanu ndi umodzi ya chenjezo, mwina.
Kwa Ndaziona ikanakhala nyengo ina ya mango.

Tasamutsa mashelefu atatu. Refilwe waima.
"Profesa, valani magolovesi, zala zanu zatuwa."
Ndamuuza kuti ndi Juni wa ku Joni, sadziwa mlendo.
Sindinamuuze kuti kwa masabata atatu tsopano
m'mawa batani la bulauzi limandigonjetsa,
kuti zalazi zimadzuka mochedwa kuposa ine.
Magazi oti ayezedwe ndikuwadziwa, ndi choyezera chake.
Njira yake ndinalemba nawo ndine.

Magetsi abwera itangokwana folo koloko.
Firiji yayambanso kung'ung'udza ngati m'busa wotopa.
Kunja mataxi oyamba akuliza hutala, kuitana a ku Soweto.
Refilwe akulemba nambala m'kaundula, akuyasamula.
Patebulo patsala kabotolo kamodzi kopanda kanthu,
ndi chomatapo choyera, chosalembedwa.

Ndatenga cholembera.
Chala chachikulu chikukana kupinda.
Ndagwira ndi nkhonya, monga mwana wa sitandade wani,
n'kuyamba ndi folo.