Chigamba cha Telala wa pa Kamwendo

Zaka makumi awiri ndi zitatu pakhonde la golosale ya a Zintambira
ndakhala ndikusoka matalauzi a anyamata a kabaza.
Onse amang'ambikira pamodzimodzi,
paja chishalo chimadya nsalu,
paja munthu saloza ndi chala,
amangoti, "Atelala, mwaonatu."

Nanenso ndinang'ambikira pomwepo.
Kanayamba ngati kachithupsa.
Ndinakabisa masiku asanu ndi limodzi,
la chisanu ndi chiwiri fungo linandiulula.
Esinati anatsegula zenera osanena kanthu,
nakabwereka ngolo kwa a Lufeyo.

Pa Boma anadula zowola kanayi.
Shuga, anatero. Panatsala dzenje
lomeza dzanja la nesi ndi thonje lomwe.
Ndinkayang'ana kudenga, kuwerenga misomali ya siling'i,
kuti ndisaone nkhope za ondiona.

Kenako kunabwera dokotala wochokera ku Lilongwe,
kamtsikana koti ndikanakasokera yunifolomu ya pulayimale.
Anayeza ndi tepi, ngati ine.
"Bambo, apa m'mphepete simungakumane.
Tikakoka, ulusi udula."
Ndinaseka koyamba mwezi umenewo.
Akundiphunzitsa ine zimenezo?

Anajambula ndi cholembera m'kati mwa ntchafu yanga.
"Titenga mnofu uwu, koma osauzula wonse ayi.
Mtsempha wake tiusiya uziuyamwitsa,
tingoutembenuza ngati chitseko,
ukatseke uko."
Ndinafunsa chimodzi chokha:
kodi makina ndidzapondanso?
"Ntchafu ndi yolemera, bambo.
Iperekako, koma siisauka."

Masabata atatu chogonera nthiti,
miyendo yogundana ngati mkwatibwi,
kapaipi kakudontheza madzi ofiira m'botolo.
M'mamawa uliwonse nesi Tiyamike
ankadina chigambacho ndi chala.
Chiyere mbuu, tonse chete,
kenako magazi abwerere pang'onopang'ono.
"Chili moyo," ankatero.
Zigamba zanga zonse, zaka zonsezi,
palibe chimene chinafunapo magazi.

Lero ndabwerera pakhonde.
Ndimakhalira chubu cha njinga yamoto chokulunga m'chitenje,
anyamata amaseka, ndimawasiya.
Mwendo wamanja umayamba waulesi,
ikamakwana naini wakumbukira nyimbo ya makina.

Usiku ndikamasamba ndimautsata msokowo ndi chala,
kuchokera pafupi ndi bondo kukwera
mpaka kumene sindingathe kuona.
Mapazi a singano yake ndi otalikirana.
Akanakhala wophunzira wanga ndikanati, phwasula, uyambirenso.
Koma mvula yagwa, fodya wapita ku okushoni,
sunatoseke.

Dzulo Gelesomu wabwera ndi talauzi yake m'jumbo,
maso ali kumsewu wa ku Mkanda.
Sindinapite m'thumba la zidutswa za eni ake.
Ndinapindula mwendo wa talauzi yomweyo,
ndinapeza nsalu yobisala mumpendero,
yosaonapo dzuwa, mtundu womwewo,
ndinadula.