Cholowa cha Kuchikazi

Adokotala a Raval anatulutsa pepala loyera
n'kuyamba kujambula mtundu wathu,
akazi timikombero, amuna timabokosi.
Anandifunsa: kwanu ndani anatupapo miyendo,
ndani anagontha asanamere imvi?
Ndinawerenga ndi zala.
Achimwene Sungeni. Amalume a ku Linthipe.
Mwana wa mayi aang'ono uja tinkamunena mwano
poti samayankha akaitanidwa.
Bokosi lililonse lomwe ndinatchula analidetsa ndi cholembera
mpaka pepala linada ngati lupsa.

Kwathu munda umadzera kwa mayi,
mphwa amalowa m'malo mwa malume wake.
Sindinkadziwa kuti nazo impso zimasunga mwambo.

A Sungeni tinazungulira nawo asing'anga atatu.
Onse anati pali dzanja la munthu.
Tinaloza chala a Nankhoma a kuseri kwa khola,
pamaliro sitinawapatse mphasa,
zaka khumi ndi ziwiri moni wawo tinkaulavula.
Chonsecho mfitiyo ndinali nditaibereka ndekha m'magazi,
inakwera nane ndege, inadutsa pachipata popanda pasipoti,
n'kudzabadwa ndi Lonjezo muno mu Leicester
tsiku lomwe ndinayamba kuona chipale.

Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anandikoka diresi:
Amami, onani, ndakodza tiyi.
Ndinaseka. Pamwamba panali thovu
losafuna kuphwa ngakhale nditagujumula kawiri.

Akuti mu impso muli tizisefa tosawerengeka.
Take tinalukidwa ndi ulusi wofooka,
timataya ufa n'kusunga madeya.
Ulusi womwewo ndi umene uli m'makutu mwake.

Tsopano Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu
timakwera basi ya ku Evington kunja kusanayere.
Maola anayi magazi a mwana wanga amatuluka kukayenda,
amazungulira m'mapaipi, amabwerako atasamba.
Iye amaonera mpira pafoni, bulangete mpaka m'khosi,
ine ndimawerenga matailosi.
Nthochi ayi. Matimati ayi. Mchere ndinaubisa pamwamba pa kabati.
Madzi a tsiku lonse ndi kabotolo kamodzi kolembedwa mzere,
mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
amayamwa ayisi ngati switi kuti anyenge ludzu.

Usiku ndimasamalira nkhalamba ku Oadby.
Ndimakhuthula chikodzero cha pulasitiki cha bambo Whitlock,
zaka makumi asanu ndi anayi, sadziwanso dzina lawo,
koma mkodzo wawo ndi woyera, wambiri.
Mulungu andikhululukire, ndimausirira.

Ndinati tengani yanga, ndili nazo ziwiri.
Anandiyeza n'kupukusa mutu:
nanunso zikudontha pang'onopang'ono, mayi, zisungeni.
Ndiye tili pamndandanda.
Foni imagona pansi pa pilo.
Ku tchalitchi amati tipemphere kuti ilire msanga,
ine pakamwa pamauma,
pakuti kuti ilire kwathu
kwina kwake mayi wina ayambe walira.

Dzulo pabasi anandifunsa m'Chichewa chake chotsimphina:
Ndiye ndinu munapatsa ine?
Ndinavomera. Ndinadikira.
Anachotsa kamakina ka m'khutu, n'kukaika m'thumba la jekete,
anayang'ana mvula pawindo mpaka pa London Road.
Potsika anandilanda chikwama n'kuchinyamula yekha
ndi mkono wopanda bandeji.

Mlongo wake Mwatitha ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Papepala lija ndi kamkombero kosadetsedwa,
pambali pake analembapo chizindikiro cha funso.
Amakonda kusewera zidole, amazipatsa mayina.

Ndasaka nambala ya mdzukulu wa a Nankhoma.
Akuti akadali moyo, maso okha ndiwo anafa.
Kwathu tsopano ndi eyiti koloko, sanagone.
Ndayimba kawiri n'kudula isanayankhidwe.
Sindikudziwa ngati ndiyambe ndi moni
kapena ndi dzina la matendawa.